Kuchoka ku Joni ndi PSP m'thumba la jekete

Lolemba usiku, Johannesburg

Katundu ndamanga. Zikwama ziwiri zazikulu zamizeremizere zija, chigubu cha mafuta ophikira, bulangete la amayi, ndi nsapato za kusukulu zomwe ndagula mongoyerekeza chifukwa phazi la mwana wanga sindikulidziwanso. Ndinachoka kumudzi ali ndi zaka 7, pano ali ndi 11. Chinthu chimodzi chokha sindinachiike m'chikwama, ndicho PSP yakuda yomwe ndinagula mwezi watha m'sitolo ina ya zinthu zakale m'tauni muno. Imeneyo iyenda m'thumba lam'kati la jekete.

Kwa amene simunaionepo, PSP ndi kamakina kosewerera magemu kogwira m'manja, dzina lake lonse PlayStation Portable. Kampani ya Sony inayamba kukagulitsa ku Japan mu Disembala 2004 ndipo inasiya kukapanga mu 2014. Yangayi ndi ya mtundu wa 3000, womwe unatuluka mu 2008. Pakati pali sikirini ya mainchesi 4.3, kumanzere mabatani olozera mbali zinayi ndi kachitsulo koyendetsa ndi chala chachikulu, kumanja mabatani anayi a zizindikiro: kabokosi, kabwalo, kamtanda ndi kamakona atatu. Kumbuyo kuli kachitseko kolowetsera timadisiki totchedwa UMD, tokhala m'chikhokho cha pulasitiki. Mwini sitolo anandiphatikizira timadisiki titatu: Patapon, Gran Turismo ndi FIFA 14. Mafilimu ali pa memori khadi.

Mnzanga wina kuntchito anandiseka kuti ndagula chinthu chomwe anzake anataya kalekale. Akuti bwanji osamugulira foni, kapena Nintendo Switch. Switch ndinaifunsa mtengo, ndi lendi yanga ya miyezi ingapo. Foni nayo ndikuidziwa mathero ake: mawa amalume abwereka kuti aimbire munthu, mkuja ikufuna bandulo, kenako mwana wayamba kuona zinthu zomwe msinkhu wake sunafike. PSP sifuna intaneti, sifuna mayunitsi. Imangofuna moto.

Koma chifukwa chenicheni ndi ichi. Lamulungu lililonse ndimaimba kunyumba. Ndikamaliza ndi mayi ake amamupatsa foni. "Muli bwanji ababa?" Ndili bwino, sukulu ikuyenda bwanji? "Bwino." Mbuzi zili bwanji? "Zili bwino." Kenako chete, mpaka mayi ake atenge foni. Zaka zinayi za "bwino". Ndikufuna ndikakhale ndi nkhani yoti ine ndi iye tizikambirana yomwe si sukulu kapena mbuzi. Ndiye paulendowu ndiphunzira magemuwa, kuti ndikafike ndikudziwa poyambira.

Lachiwiri, panjira ya ku Musina

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Disembala aliyense akupita kwawo, ndiye kulongedza ngolo ya katundu kumbuyo kwa basi kunatenga nthawi yaitali: mafiriji, njinga, matilesi, mpaka chitseko chachitsulo. Ndapeza mpando wa pawindo. Pambali panga pali mayi wina wa ku Machinga ndi kamtsikana kake ka zaka ngati zisanu, kutsidya kwa kanjira kuli bambo wachikulire wovala chipewa, yemwe sanayankhule ndi aliyense chichokereni.

Titadutsa Pretoria ndinatulutsa PSP ndi kuika Gran Turismo, gemu ya mpikisano wa galimoto. Ili ndi galimoto zoposa 800 ndipo kaonekedwe kake n'kokoma zedi, moti ine amene ndimagwira ntchito yowongola magalimoto ndinayamba ndatha mphindi zambiri ndikungoyang'ana maonekedwe ake osayendetsa. Koma sindinapite nayo patali. Galimoto ya pasikirini ikukhotera kumanzere, basi yeniyeni ikukhotera kumanja, m'mimba munayamba kutembenuka. Amene mukufuna kusewera m'basi, gemu yothamangitsa galimoto isungeni mpaka muime.

Ndinasintha n'kuika Patapon, ndipo apa mpamene ndinagwidwa. Muli tianthu takuda, tozungulira, ta diso limodzi, tonyamula mikondo ndi nkhwangwa. Iwe wosewera sutiyendetsa ndi mabatani olozera ayi. Iwe ndiwe woimba ng'oma. Batani lililonse la kumanja ndi ng'oma yakeyake: kabokosi kamalira "pata", kabwalo "pon", ndipo m'tsogolo umapeza "chaka" ndi "don". Ukaimba pata pata pata pon molingana ndi kugunda kwa nyimbo, tianthu tija timavomera ndi kuyenda chitsogolo. Ukaimba pon pon pata pon timaponya mikondo. Ukaphonya kugunda kamodzi kokha timasokonezeka n'kuima. Woyambitsa ndi ovomera, ngati kudambwe kapena pa chioda. Gemuyi anaipanga ku Japan, koma munthu amene anakulira pafupi ndi ng'oma amaimva m'mapewa asanaimvetse m'mutu. Pamafunika mahedifoni, chifukwa phokoso la injini limameza kugunda kuja.

Ndinadzidzimuka tikudutsa Polokwane, kachizindikiro ka batire katatsala kamzere kamodzi. Batire la mtundu uwu ndi la 1200 mAh, ndipo langali poti ndi lakale silipitirira maola anayi. Mnyamata wa m'sitolo uja anandilangiza zitatu: kuchepetsa kuwala kwa sikirini, kuzimitsa kaswitchi ka WLAN (kolumikizira popanda waya) pamwamba, ndi kukumbukira kuti kadisiki kakamazungulira kamadya moto kuposa zinthu za pa khadi. Ndili ndi power bank ndi kachingwe kake, koma ulendo udakali wautali. Ndazimitsa.

Lachitatu, Beitbridge mpaka Nyamapanda

Tinafika pa Beitbridge kusanache. Mabasi ndi magalimoto ndii, mzere mpaka kutali. Titadindisa mapasipoti mbali ya South Africa tinawoloka Limpopo, madzi ake ofiirira, kenako mbali ya Zimbabwe tinatsika kudikira kuti basi ionedwe. Palibe amene akanatiuza kuti titenga maola angati. Anthu anayala zitenje pansi pa mthunzi wa basi.

Ndinakhala pa chigubu changa n'kuika gemu ya mpira ya FIFA 14, yomwe ndi FIFA yomaliza kutuluka pa PSP. Sipanathe mphindi zisanu, anyamata atatu anali ataima kumbuyo kwanga. Mmodzi anati, "Achimwene, imeneyo ndi PSP? Ndinaisiya kuiona ndili ku sekondale." Ndinali nditagoletsedwa kale zigoli ziwiri, ndiye ndinangomupatsa. Zala zake zinakumbukira zokha. Pa makina amodzi simungasewere awiri nthawi imodzi, pamafunika ma PSP awiri oyandikana kuti alumikizane, choncho tinapangana kuti aliyense azisewera chigawo chimodzi n'kupatsira mnzake. Wa Bullets ankasankha timu ya yunifomu yofiira, ine wa Noma ndinkakakamira yabuluu, ndipo mkangano wake unali ngati tili pa Kamuzu Stadium. Mnyamata uja ndi amene anandiphunzitsa kupatsira mpira wodutsa pakati pa otchinga kumbuyo ndi batani la makona atatu, komanso kuti ndisamangopanikiza batani lothamangira nthawi zonse chifukwa osewera amatopa. Kondakitala atakuwa kuti tikwere, ena anadandaula kuti bwenzi atadikira chigawo chithe.

Masana onse sindinaiyatse. Mbali ina n'chifukwa chosunga moto, koma makamaka chifukwa msewu wa ku Masvingo uli ndi zake zoti uone. Malambe akuluakulu chakumwera, kenako mapiri a miyala yosanjikizana ngati wina anachita kuiika ndi manja, ng'ombe za nyanga zazitali m'mbali mwa msewu, amayi ogulitsa mango m'mabeseni. Paulendo wopita ndinadutsa muno usiku ndili ndi mantha a munthu wopita kosadziwa, sindinaone kanthu. Lero ndaona. Tinaima pa Chivhu kugula chakudya, ndipo Harare tinalowa magetsi a mumsewu atayaka.

Titapitirira Mutoko, kamtsikana ka mayi wa ku Machinga kanayamba kulira kosatonthozeka. Kutentha, kutopa, miyendo yopanda potambasulira. Mayi ake anayesa bisiketi, anayesa kukabereka ali chikhalire, osathandiza. Ndinafunsa kuti, "Mayi, ndingamuonetse katuni?" Anangogwedeza mutu. Ndinachotsa mahedifoni, n'kutsamiritsa PSP pa chikwama chomwe chinali pamiyendo yanga. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunatha, ndipo pasanathe theka la ola kanali katagona kamwa ili yasa.

Apa ndifotokozeko za mafilimu, poti ena mwina muli nako kamakinaka m'kabati. PSP siwerenga filimu iliyonse yomwe mwaiponyera. Imafuna MP4 yochepetsedwa kuti ikwane sikirini yake ya 480 kwa 272, ndipo muiike m'foda yotchedwa VIDEO pa khadi. Khadi lake lenileni ndi Memory Stick Pro Duo, lomwe masiku ano n'losowa, koma pali kachikhokho kolowetsamo memori wamba wa m'foni n'kugwira ntchito bwinobwino. Sikirini ndi yaing'ono, inde, koma ndi yotambalala ngati ya kanema, ndipo mumdima wa m'basi imaoneka yowala kuposa momwe mungaganizire.

Mwana atagona, mayi ake anati ndisazimitse. Ndinaika filimu ya karate ya ku China, ija yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a kwathu, womasulira akulankhulira anthu onse yekha n'kumawatcha mayina a pamudzi. Wa mpando wakumbuyo anasuzumira pamwamba, anyamata a mpira aja anabwera kudzakhala pa zidebe m'kanjira. Mitu isanu ndi umodzi pa kasikirini kosaposa chikhatho. Zinandikumbutsa vidiyo sho ya pa Luchenza tili ana, chinyumba cha mdima chotchinga ndi masaka, jenereta ikulira kuseri, ife titakhala pa mabenchi a njerwa titalipira ndalama yomwe tinatumidwa kukagulira mchere. Kuseka kwake kunali komweko. Bambo wa chipewa uja naye ndinamuona mapewa akugwedezeka.

Tafika pa Nyamapanda usiku kwambiri. Basi yaima, tigona momwemu mpaka kuche.

Lachinayi, Tete ndi Mwanza

Kutentha kwa Tete simungakufotokozere munthu amene sanakuone. Kuyambira pa Cuchamano kudutsa Changara, mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera m'ng'anjo. Ndinayesa kusewera Patapon nditafunditsa jekete kumutu, chifukwa padzuwa sikirini imangoonetsa nkhope yako. Ndafika pa gawo la chipululu, pomwe mchenga umawotcha tianthu tija tisanafike patali. Ndabwereza kasanu, kasanu konse tapsa. Pali mawu a Chingerezi omwe amatuluka kulangiza chochita koma amadutsa msanga ndisanawagwire. Kumbuyo kwa makina kunayamba kutentha m'manja, ndiye ndinazimitsa kuopa kuwononga batire. Batire la PSP likatupa limakankha kachivindikiro kake, ndipo likatero ndi lotaya.

Zambezi tinawoloka chakumasana. Basi yonse inakhala chete, aliyense khosi pawindo. Mtsinje waukulu ngati nyanja, mabwato ang'onoang'ono m'mphepete, mlatho wa Samora Machel utapachikika pa zingwe zake zachitsulo. Kutsogolo pang'ono ndi Moatize, fumbi la malasha ndi malole ataliatali. Pofika cha ku Zobue ogulitsa m'mbali mwa msewu anali akuitanira malonda m'chinenero chathu chomwe.

Foni ya mayi wa ku Machinga inathima, ndipo amafunika kudziwitsa mchimwene wawo woti akawachingamire ku Blantyre. Power bank yanga inali itatsala pang'ono, yokwana chinthu chimodzi. Ndinawapatsa. Chipululu chija chidikira.

Pa Mwanza katundu yense anatsitsidwa kuti aonedwe, ndipo tinakhalapo mpaka dzuwa kulowa. Mpamene bambo wa chipewa uja anandiyandikira. "Mwana wanga, kawayilesi kakoko n'ka ndani?" Ndinawafotokozera zonse, mpaka za mafoni a Lamulungu. Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kusimba. Iwo anapita ku migodi ya golide pa Wenela ali mnyamata, zaka zochepa ndege yonyamula anthu a kumigodi isanagwe ku Francistown mu 1974, ngozi yomwe inachititsa boma la Kamuzu kuimitsa ulendowo. Pobwera ananyamula gumbagumba ndi mbale zake. Mwana wawo woyamba, yemwe anamusiya ali wakhanda, atawaona anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo masiku awiri sanalole kuti amugwire. Tsiku lachitatu anaika gumbagumba pakhonde n'kuyatsa, osamuitana, osamuyang'ana. Mwana anabwera yekha, pang'onopang'ono, mpaka anatsamira bondo lawo.

"Usakamupatse pofika pomwe, anthu ali piringupiringu," anatero. "Akangolandira n'kuthawa nako kwa anzake. Udikire kuchete, uyatse wekha, uzisewera ngati sukumuona."

Ulendo uno akuchokera kokaona mwana yemweyo, amene tsopano ali ndi imvi zake ndipo amakhala ku Germiston. Tinafika pa Wenela ku Blantyre usiku, pa depoti yomwe inatenga dzina kwa omwe anawatengera bambowa kumigodi. Tinatsanzikana pogwirana manja awiri. Ndagona kwa msuweni wanga ku Bangwe, PSP ndi power bank zonse zili pamoto.

Lachisanu, kumudzi

Minibasi kuchokera ku Limbe, kudutsa minda ya tiyi ya Thyolo yobiriwira ngati yopaka utoto, phiri la Mulanje likukula kutsogolo. Pa siteji ndinatenga njinga zakabaza zitatu, imodzi yanga, ziwiri za katundu.

Za kufika sindilemba zambiri. Amayi analira, mayi a mwana anagwada kundipatsa moni kenako anaseka okha chifukwa cha ndevu zanga, nkhuku inafa. Mnyamata wanga watalika kufika paphewa langa. Anabwera, anagwira dzanja langa ndi manja awiri maso ali pansi, "Mwayenda bwanji ababa?" Kenako anakaima patali pafupi ndi khola. Nsapato zija zamuthina.

Ndinachita monga anandiuzira bambo aja. Alendo atabalalika, titadya nsima, ndinakhala pakhonde ndekha n'kuyatsa Patapon popanda mahedifoni. Pata pata pata pon. Sindinatembenuke. Ndinamva mapazi kumbuyo, kenako mpweya pakhutu langa. Tianthu tanga tinapsanso m'chipululu muja kachisanu ndi chimodzi.

"Ababa, akuti muitane mvula."

Ndinafunsa kuti akutero ndani. Analoza mawu a Chingerezi aja. Ali Sitandade 6 ndipo amawerenga msanga kundiposa. Ndinamupatsa makinawo m'manja.

Loweruka

Wadzuka m'mamawa, watsegulira mbuzi, wakatunga madzi osatumidwa, kenako wabwera kudzaima pakhomo. Mayi ake aika kale malamulo: ntchito za pakhomo ziyambe zatha, sukulu ikatsegulidwa ndi Loweruka ndi Lamulungu basi, ndipo usiku PSP izigona m'chikwama chawo. Ndagwirizana nazo zonse.

Kugunda kwa ng'oma anakugwira mwamsanga zedi. Mu gemuyi ukaimba bwino kangapo motsatizana osaphonya, tianthu tija timalowa m'chimwemwe chomwe amachitcha Fever, nyimbo imakwera, ndipo mpamene ungaimbe ng'oma ya "don" yoitanira mvula. Ine ndikafika pamenepo ndimatengeka mtima n'kuphonya. Iye amagwedeza mutu, phazi likugunda pansi, osaphonya. Zinamutengera m'mawa wonse kubwerera m'magawo am'mbuyo kufufuza zomwe ndinasiya, akundifotokozera chilichonse chomwe akuchita ndi chifukwa chake. Mawu omwe wayankhula lero ndi ochuluka kuposa a zaka zinayi zonse za pafoni. Mvula itagwa pa mchenga uja n'kuzimitsa moto, anakuwa mpaka agogo ake anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja.

Pa mpira wandiuza mosabisa kuti iye ndi wa Bullets. Amalume ake ndi amene anamutembenuza ine kulibe. Tasewera mopatsirana zigawo monga pa Beitbridge paja, ndipo ndamuphunzitsa mpira wodutsa wa batani la makona atatu.

Kuno kulibe magetsi. Masana tinayenda limodzi kupita pa tiledingi senta kukatchajitsa kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola, ulendo wa mphindi makumi anayi. Njira yonse amandifunsa mafunso. Joni ndi yaikulu kuposa Blantyre kangati? Ndimagona nyumba yotani? N'zoona kuti kuli sitima yoyenda pansi pa nthaka? Ndinamuuza za Gautrain, kuti kuchoka pa Park Station kupita ku Sandton imayendadi pansi. Ndinamuuzanso zoona za chipinda chomwe ndimagona ndi anzanga awiri. Ndaona kuti ndisanabwerere ndigule kasola kakang'ono koti kazitchaja power bank pompano, kuti asamayende mtunda wonsewo ndi makina m'thumba.

Madzulo tinaika filimu ya karate ija pa mtondo wovundikira, banja lonse pamphasa ndi ana a oyandikana nawo asanu. Amayi sanasamale za nkhonya. Iwo amangofunsa kuti Mchaina ameneyu Chichewa anachiphunzira kuti, ndipo mdzukulu wawo anawafotokozera moleza mtima kawiri konse.

Lamulungu

Mvula yagwa kuyambira usiku, yeniyeni, ya pamalata. Tabwera kutchalitchi titanyowa. Chimanga m'munda mwa amayi chafika m'mawondo.

Titakhala pakhonde anandifunsa tsiku lomwe ndidzabwerere. Ndinamuuza kuti pa 6 Januwale. Anawerenga pa zala, sanayankhe. Kenako anatsegula pamene gemu imasungira pomwe munthu walekezera, n'kundionetsa kuti wapanga malo awiri. Apamwamba ndi ake, omwe wadutsa kale chipululu. Apansi ndi anga, pomwe ndinakanirira ku Tete paja, ndipo sanawakhudze.

"Awa sindifufuta. Chipululu mudutse nokha musanapite, ndikuphunzitsani. Zinazo ndizikuuzani pafoni pomwe ndafika."

Wandipatsa makina, wakhala pambali panga, ndipo akuwomba m'manja pang'onopang'ono kuti ndisataye kugunda. Ndaphonya kale kawiri. Batire latsala timizere tiwiri.